Mafunso ndi Mayankho: Kukacheza ku Market Theatre ku Newtown, Johannesburg

Owerenga athu okondedwa, mwezi uno makalata angapo achokera kwa abale athu okhala ku Johannesburg, ndipo ambiri akufunsa za malo amodzi: Market Theatre, nyumba ya zisudzo yomwe ili m'dera la Newtown, pamodzi ndi zipinda zoonetseramo zithunzi komanso nyumba zosungiramo mbiri zomwe zayandikana nayo. Ndasankhapo makalata asanu ndi imodzi, kuphatikizapo imodzi yochokera ku Blantyre, ndipo ena ndawafupikitsa kuti malo atikwanire.

FUNSO: Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni. Ndikamapita kukakwera takisi ndimadutsa pafupi ndi chinyumba chachikulu cholembedwa kuti Market Theatre, ndipo zithunzi zolengeza masewero zomwe amamata panja zimandikopa. Komabe sindinayerekezepo kulowa chifukwa ndimaona ngati ndi malo a azungu ndi anthu ophunzira kwambiri. Kodi munthu ngati ine angalowemo osachita manyazi? — Mayi wa ku Rosettenville

YANKHO: Mayi, lowani, ndipo musalowe mozemba ngati munthu wobwera paphwando lomwe sanaitanidwe. Ndikunena izi molimba mtima chifukwa cha mbiri ya nyumba imene mumaidutsayo, yomwe ndikukhulupirira kuti mukaimva mantha anu achepa.

Nyumbayo siinamangidwe kuti ikhale ya zisudzo. Inamangidwa mu 1913 ngati msika wa zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo kwa zaka pafupifupi 60 m'menemo munkamveka phokoso la ogulitsa, onyamula katundu ndi amayi onenerera mitengo, monga momwe zimakhalira mumsika wa Limbe kapena wa Lizulu. Msikawo utasamutsidwira ku City Deep m'zaka za m'ma 1970, nyumbayo inatsala yopanda ntchito, ndipo anthu awiri okonda zisudzo, a Mannie Manim ndi a Barney Simon, pamodzi ndi anzawo, anaitenga n'kuikonza ndi ndalama zopemphapempha ndi manja awo. Sewero loyamba linaonetsedwa mu June 1976, patangopita masiku ochepa apolisi atawombera ana asukulu ku Soweto pa 16 June. Pa nthawi imeneyo malamulo a tsankho ankalekanitsa anthu akuda ndi azungu m'sitima, m'zipatala, ngakhale pamipando ya m'mapaki, koma eni nyumbayi anatsimikiza kuyambira pachiyambi kuti pansanja pawo ndi pamipando pawo sipadzakhala kusankhana mtundu. Masewero ambiri otsutsa ulamuliro wa tsankho anabadwira m'menemo. Ngati munaonerapo filimu ya Sarafina!, yomwe Amalawi ambiri anaionera pa vidiyo, dziwani kuti isanakhale filimu mu 1992 inali sewero la pansanja la a Mbongeni Ngema lomwe linayambira m'nyumba yomweyi mu 1987.

Choncho nkhani zomwe zamveka kwambiri m'nyumba imeneyi ndi za anthu a ntchito ngati yanu: amayi olera ana a eni ake pamene awo ali kutali, abambo a m'migodi, anthu ogwidwa chifukwa chosowa chitupa, ndi mabanja okhala m'chipinda chimodzi. Ine ndimaona kuti inu mungamve masewero otere mozama kuposa anthu ambiri okhala ndi madigiri, chifukwa zomwe ena akuzionera pansanja inu munazisenza pamutu. Pakhomo amangoona tikiti, ndipo safunsa sukulu yomwe munthu analekezera kapena dziko lomwe anachokera. Za zovala musadandaule: valani chomwe mungavale popita kukaona mbale wanu Loweruka masana, ndipo chitenje chanu sichidzadabwitsa munthu aliyense.

Langizo langa ndi lakuti ulendo woyamba mupite masana, osagula kanthu, mungolowa m'chipinda cholandirira alendo, muwerenge zomwe zikuonetsedwa, kenako mufunse ogulitsa matikiti za mitengo ndi masiku. M'nyumbamo muli zipinda zitatu za zisudzo zomwe zinapatsidwa mayina a John Kani (katswiri wa zisudzo), Mannie Manim ndi Barney Simon, ndipo kawirikawiri mumakhala masewero osiyana pa nthawi imodzi. Popeza muli ndi ana, funsaninso za msinkhu woyenera, chifukwa masewero ena amakhala ndi mawu olaula kapena zachiwawa ndipo eni ake amalemberatu zaka za ana omwe saloledwa. Safunsa anadya phula, mayi, ndipo anthu a pawindo paja ntchito yawo ndi yoyankha mafunso ngati amenewa.

FUNSO: Mnzanga ananditengera ku chionetsero cha zithunzi ku Market Photo Workshop. Ndinazungulira chipinda chonse m'mphindi khumi ndipo ndinatuluka ndisanatolepo kanthu, pamene anthu ena ankaima nthawi yaitali patsogolo pa chithunzi chimodzi ngati akuwerenga kalata. Kodi iwowo amaona chiyani chomwe ine sindinaone? — Mnyamata wogwira ntchito yokonza mafoni, Yeoville

YANKHO: Achimwene, vuto si maso anu, koma liwiro lomwe munalowa nalo. Foni yomwe mumakonza tsiku ndi tsiku yatizoloweretsa tonsefe kuti chithunzi ndi chinthu chongokankha ndi chala, ndipo munthu amatha kudutsa zithunzi zambirimbiri asanamalize kapu ya tiyi. Zithunzi za pachionetsero zimafuna khalidwe lina. Wojambula amatha miyezi, nthawi zina zaka, akubwerera kwa anthu omwewo, ndipo pa zithunzi mazanamazana amasankhapo zochepa zokha zoti zipachikidwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'chipinda chotere mwambiwu umagwira ntchito mwachindunji.

Mukadzapitanso, yambani mwazungulira kamodzi monga munachitira, koma musatuluke. Bwererani pa chithunzi chimodzi chomwe chinakukokani kapena kukunyansani, chifukwa kunyansidwa nakonso ndi chizindikiro chakuti chithunzicho chakukhudzani. Imani pamenepo, ndipo musanawerenge kapepala ka m'mbali, dzifunseni mafunso wamba omwe mungadzifunse mutalowa m'nyumba ya munthu wachilendo. Kodi ino ndi nthawi yanji ya tsiku, ndipo kuwala kukuchokera mbali iti? Kodi munthu wajambulidwayu akudziwa kuti akujambulidwa, ndipo akuoneka kuti wavomera? Kodi wojambula anaima pamwamba n'kumuyang'anira pansi, kapena anagwada kuti alingane naye? Nanga m'mphepete mwa chithunzi muli chiyani, nsapato, beseni, kalendala ya pakhoma, dzanja la munthu wina amene nkhope yake yadulidwa? Mukatero bwererani m'mbuyo masitepe angapo, monga amachitira amayi posankha chitenje akamauza wogulitsa kuti achitambasule patali, chifukwa pali zina zomwe zimaoneka pokhapokha munthu atatalikira. Pomaliza werengani kapepala kaja, muone ngati zomwe wojambula ananena zikugwirizana ndi zomwe inu mwaona. Zikasiyana sikuti mwalakwa ayi.

Kudziwa komwe malowa anachokera kungakuthandizeninso. Market Photo Workshop inakhazikitsidwa mu 1989 ndi a David Goldblatt, wojambula zithunzi yemwe anatha moyo wake akujambula anthu a m'migodi, nyumba, matchalitchi ndi anthu okwera mabasi usiku kupita ku ntchito, ndipo anamwalira mu 2018. Cholinga chawo chinali chakuti achinyamata omwe malamulo a tsankho anawatsekera mwayi wa maphunziro aphunzire kugwira kamera n'kumafotokoza okha za moyo wa kwawo, m'malo modikira mlendo kuti adzawajambule. Mmodzi mwa omwe anaphunzira kumeneko ndi Zanele Muholi, yemwe zithunzi zake zaonetsedwa m'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi. Motero zambiri zomwe munaona pakhoma paja ndi ntchito ya achinyamata a msinkhu wanu, ochokera m'makomboni ofanana ndi omwe mumawadziwa. Sikofunika kuti mukonde chilichonse. Ine pali zionetsero zina zomwe ndimatuluka ndisanakhutire, koma ndimayesetsa kuti ndizitha kunena chifukwa chake, ndipo kukambirana zimenezi ndi mnzanu pobwerera kunyumba ndi gawo lalikulu la phindu la ulendo wotere.

FUNSO: Chingerezi changa ndi chongopemphera madzi, ndipo Chizulu ndikungochiphunzira kumene. Kodi sindidzangotaya ndalama pa sewero lomwe sindikumva? Ndamvanso kuti kumeneko kuli malamulo ambiri. — Bambo wosoka zovala, Mayfair

YANKHO: Bambo, masewero ambiri a ku Market amasakaniza Chingerezi, Chizulu, Chisotho, Chixhosa ndi zilankhulo zina monga momwe anthu amalankhulira m'takisi, kotero kuti ngakhale eni dziko samva liwu lililonse. Komanso mwambo wa zisudzo wa pamalopo unakula pa nthawi yomwe ndalama zinali zosowa, ndipo azisudzo anaphunzira kufotokoza nkhani ndi thupi, nyimbo ndi mavinidwe, nthawi zina anthu awiri okha ndi bokosi limodzi n'kumasanduka sitima, ndende kapena tchalitchi. Munthu amene anakula akuonera gule ndi kumvera nthano za agogo sasochera pa zoterezi. Kuti muyambe bwino, sankhani sewero la nyimbo kapena la magule, ndipo werengani kapena funsani chidule cha nkhani yake musanalowe.

Malamulo si ambiri. Fikani msanga, mwina theka la ola nthawi isanakwane, chifukwa sewero likayamba zitseko zimatsekedwa ndipo wochedwa akhoza kudikira panja nthawi yaitali kapena kubwezedwa kumene. Zimitsani foni, ndipo musajambule kapena kutepa, popeza kuwala kwa foni kumasokoneza omwe ali pansanja komanso sewerolo ndi katundu wa eni ake. Kuseka, kuwomba m'manja, ngakhale kubuula nkhani ikafika powawa, zonsezi n'zololedwa ndipo azisudzo zimawalimbikitsa. Chomwe sichiyenera ndi kuyamba kucheza ndi mnzanu kapena kumumasulira mokweza. M'chipinda cha zithunzi musakhudze zopachikidwa, ndipo ngati mukufuna kujambula funsani kaye woyang'anira.

FUNSO: Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Wenela ndipo anabwerako patatha zaka zambiri ali ndi chifuwa chomwe sichinathe mpaka imfa yawo. Sankakonda kufotokoza za moyo wa kumeneko. Mnzanga wandiuza kuti pafupi ndi Market Theatre pali nyumba yosonyeza momwe anthu obwera kudzagwira ntchito ankakhalira. Kodi ndi zoona, ndipo ndingatengeko ana anga? — Bambo wa ku Turffontein, kwawo ku Ntcheu

YANKHO: Bambo, pepani chifukwa cha agogo anu. Mnzanuyo wanena zoona. Malowo amatchedwa Workers' Museum, ndipo ali ku Newtown komweko, mtunda woyenda pansi mphindi zochepa kuchokera pa bwalo la Mary Fitzgerald Square lomwe lili kutsogolo kwa nyumba ya msika wakale ija. Mwa malo onse a m'derali, awa ndi omwe ndimafuna kuti Mmalawi aliyense wokhala ku Johannesburg akawaone.

Ndiyenera kulongosola chinthu chimodzi kuti musapite ndi chiyembekezo cholakwika. Malowa anali komboni yogonamo antchito, koma siinali ya mgodi. Inamangidwa mu 1913 ndi khonsolo ya mzinda kuti muzigona amuna akuda ogwira ntchito za khonsoloyo, kuphatikizapo za magetsi, ndipo inagwiritsidwa ntchito mpaka m'zaka za m'ma 1980. Komabe kamangidwe kake ndi malamulo ake zinali za mtundu womwewo ndi makomboni a m'migodi momwe agogo anu anagonamo: amuna okhaokha, opanda akazi awo ndi ana awo, ogona mothithikana pa timabedi tosanjikizana, chipata chimodzi choyang'aniridwa, ndi kachipinda kotsekeramo munthu amene akuti walakwa. Pafupi pomwepo pali nyumba zomwe munkakhala azungu ogwira ntchito pamalo omwewo ndi mabanja awo, ndipo munthu akayerekeza mbali ziwirizi safunanso womufotokozera kuti tsankho linali chiyani. Mukalowa m'chipinda chogonamo, imani kanthawi muwerenge malo ogona, kenako muganizire za nyengo yozizira ya June ku Johannesburg ndi munthu wochokera ku Ntcheu amene wasiya mkazi ndi chimanga m'munda.

Nkhani ya agogo anu ndi ya mabanja ambiri kwathu. Wenela linali dzina lomwe anthu anapatsa bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela yomwe inanyamula anthu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 anafa, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda anaimitsa ntchito yolemba anthu. Inadzayambiranso patapita zaka zochepa pansi pa dzina la TEBA, lomwe kwathu timati Theba, koma siinafikenso pa chiwerengero chakale. Ena anabwerako ndi njinga, wailesi ndi masutikesi, ena anabwerako ndi chifuwa cha fumbi la m'mgodi ngati agogo anu, ndipo ena sanabwerenso konse, omwe timawatcha matchona. Ambiri mwa obwerawo anasankha kukhala chete, ndipo ndikuganiza kuti mukaona kachipinda kotsekeramo anthu kaja mudzamvetsa chifukwa chake munthu wamkulu sakanafuna kufotokozera adzukulu ake zonse.

Ana atengeni, makamaka ngati afika msinkhu wa sitandade 5 kupita m'tsogolo. Musanapite auzeni dzina la agogo awo, mudzi wawo ndi zomwe mukukumbukira, kuti akafika asaone ngati ndi mbiri ya anthu ena. Ngati kunyumba kuli chithunzi cha agogowo, chitupa chawo kapena sutikesi yomwe anabwera nayo, uzani abale akumudzi kuti azisunge bwino, chifukwa zinthu ngati zimenezo ndi zomwe zimapanga nyumba zosungiramo mbiri. Tsiku lomwelo mukhoza kuwalowetsanso ku Museum Africa, yomwe inatsegulidwa mu 1994 m'chigawo china cha nyumba ya msika ija, kapena ku Sci-Bono Discovery Centre, komwe ana amaphunzira sayansi pogwira ndi kuyesa zinthu okha.

FUNSO: Ndimaopa kuyenda m'tauni usiku. Kodi nthawi yabwino yopitira ndi iti? — Mtsikana wophunzira, Braamfontein

YANKHO: Chemwali, mantha anu ndi omveka ndipo musawanyoze. Zipinda za zithunzi ndi nyumba za mbiri zimatsegulidwa masana, ndipo masewero ambiri amakhala ndi chionetsero cha masana kumapeto kwa sabata, makamaka Lamlungu, choncho mukhoza kuona zonse n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Pewani Lolemba, chifukwa malo ambiri otere amapuma tsiku limenelo. Kuchokera ku Braamfontein njira yake ndi yodzera pa mlatho wa Nelson Mandela, womwe unatsegulidwa mu 2003, koma muyende ndi anzanu ndipo foni ikhale m'chikwama. Mukasankha sewero la madzulo, konzeranitu galimoto yodzakutengani pakhomo penipeni, osati kuyamba kuifunafuna mutatuluka.

FUNSO: Ine ndili ku Blantyre ndipo ku Joni sindikuyembekeza kupitako. Mnzanga wochita zisudzo amandiitana ku masewero ake, koma ndimamupempha kuti andilowetse ulere popeza ndife abwenzi. Masiku ano wayamba kundinyanyala. Kodi ndalakwa? — Bambo wa ku Chilomoni

YANKHO: Bambo, ndikuyankhani mosabisa: mwalakwa, ngakhale kuti simunachite mwadala. Sewero la maola awiri limadya masabata ambiri okonzekera, ndipo pa ndalama ya pakhomo ndi pomwe pamachokera lendi ya holo, zokuzira mawu, zovala, thiransipoti ya gulu lonse ndi ufa wa kunyumba kwa mnzanuyo. Mnzanu akakhala wogulitsa tomato simutenga mulu n'kumapita chifukwa cha chibwenzi, ndipo ndikukhulupirira kuti mumamulipira mosanyinyirika. Anthu omwe anaonera malemu Du Chisiza Jr. ndi gulu lawo la Wakhumbata, kapena a Kwathu Drama Group, pa French Cultural Centre masana a Lamlungu amakumbukira mizere ya anthu ogula matikiti, ndipo mizere imeneyo ndi yomwe inkachititsa kuti sabata yotsatira kukhalenso sewero. Market Theatre yomwe takambirana pamwambapa nayonso inayamba ndi anthu ochepa osauka m'msika wosiyidwa, ndipo inakhazikika chifukwa panapezeka anthu olipira pakhomo ndi othandiza.

Kuonjezera apo, simufunika pasipoti kuti muone zaluso. Mumzinda wanu womwewo muli Mandala House, nyumba yomwe inamangidwa mu 1882, ndipo m'chipinda chapansi muli La Caverna momwe mumaonetsedwa ndi kugulitsidwa zojambula ndi zosema za aluso a kwathu, pamene m'chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi. Ku Chichiri kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo mukadzapeza mpata wopita ku Mua m'boma la Dedza mudzaone Kungoni, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, komwe kuli zigoba za gule wamkulu mazana angapo. Koma yambani ndi mnzanuyo. Sewero lake lotsatira likalengezedwa, gulani matikiti awiri pakhomo, mutenge mayi a kunyumba, mukhale pamzere womwe iye angakuoneni, ndipo likatha mumudikire panja mumuuze gawo lomwe lakugwirani mtima ndi lomwe simunalimvetse.